Ayi wa Hanora

Coventry, 18 Okutobala 1987

Okondedwa achemwali a Hanora,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi mlongo wathu Thady ndi akazi ake, alamu a Concepta. Kuno ku Mangalande tili bwino, kupatula amuna anga a Clive, msana wawayambanso, ndiye mukudziwa mwamuna akadwala nyumba yonse imadwala naye.

Pepani kuti chichokere ku maliro a Mayi sindinalembe. Ntchito ya kusitolo yandipanikiza, komanso ndikatenga cholembera misozi ndiyo imayamba kulemba.

Nkhani yabwino ndi iyi. Amayi a ku parishi kwathu kuno andisankha kuti ndikonze tiyi wa Khirisimasi ya Amayi, pa 6 Januwale, mu holo ya tchalitchi. Ambiri ndi akwathu ku Ireland, ena ndi Angerezi okwatiwa ndi anthu athu, ndiye ndikufuna akaone mmene timachitira kwathu ku Kerry: amuna atsale kunyumba ndi mbale zawo, akazi tikhale pansi, tivule nsapato, timwe tiyi. Nsalu zobiriwira za patebulo ndapeza kale. Chatsala n'chakudya, ndipo sindikufuna zogula. Ndikufuna za Mayi zenizeni, keke ya mowa wakuda ija, buledi wa soda, ndi buledi wa mphesa zonyika mu tiyi. Ndikufuna fungo la m'khichini mwathu lidzaze holo yonse, anthu adziwe kuti Mayi anali ndani.

Chonde ndilembereni kaphikidwe kake, mwachangu, ndiyesere kusanafike Khirisimasi. Nanga kumudziko kuli nkhani zanji?

Ine mng'ono wanu,
Dympna


Derreenavar, 29 Okutobala 1987

Dympna mng'ono wanga,

Kalata yako ndalandira. Ife tadzuka, ng'ombe nazo zadzuka. Msana wa a Clive ndauyatsira kandulo ku tchalitchi, poti wodwala wanga woyatsira makandulo ndilibenso.

Ukuti ndikulembere kaphikidwe ka Mayi. Iwe unawaonapo Mayi atagwira cholembera m'khichini? Ufa ankayeza ndi manja, batala ndi diso, mowa ndi lilime. Chigwereni miyendo yawo manja aja anali anga, iwo ali pampando kumangoti "wachulutsa, wachepetsa, kodi ndinabala chitsiru?" Zimenezi sizilembeka, munthu amaima pambali pa wophika n'kumaona. Manja odziwa kekeyo ali kuno, ndipo posachedwa asowa chochita.

Wafunsa nkhani. Fintan, mwana wa Thady, akukwatira kumapeto kwa Januwale. Mkaziyo abwera kudzakhala pano. Munda ndi nyumba ukudziwa Mayi anasiyira Thady, poti ndiye mwamuna, ine anandisiyira kolona ndi madalitso. Lachiwiri m'mawa ndisanadzuke n'komwe, Concepta analowa kuchipinda kwanga ndi chingwe choyezera n'kuyamba kuyeza zenera.

Ndinati, "Alamu, mukuyeza bokosi langa?"

Iwo akuti, "Ayi alamu, makatani chabe. Anawo amakonda achikasu."

Madzulo ndinamufunsa Thady kukhola. Mwana amene ndinkamupukuta mamina ndi epuloni yanga uja anayang'ana ng'ombe, ng'ombe n'kumuyang'ana iye. Kenako akuti, "Nthawi ilipo, achemwali, mpaka ukwati." Ndiye ukwati usanafike ndiyenera kuona msana wa njira, ndili ndi zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, ndipo kokalowera sindikukudziwa.

Sindikudandaula, ndikungokuuza poti wafunsa.

Mkulu wako,
Hanora


Coventry, 9 Novembala 1987

Achemwali,

Kalata yanu yandidwalitsa mutu. Thady alibe manyazi! Moyo wanu wonse mwathera pa Mayi, kunyamula, kusambitsa, kutembenuza, lero akupimireni makatani muli m'bulangete?

Ndalankhula ndi a Clive. Chipinda cha mwana wathu Orla chili chopanda munthu chipitire iye ku sukulu ya unamwino. Si chachikulu koma n'chofunda. Bwerani mudzakhale nafe. A Clive akuti palibe vuto. Mudzafike Khirisimasi isanakwane, keke ija mudzaphike nokha m'khichini mwanga ine nditaima pambali monga mwanenera, ndipo pa 6 Januwale mudzakhale kutsogolo kwa tebulo.

Ndiyankheni msanga kuti ndidziwe pokonza.

Dympna


Derreenavar, 16 Novembala 1987

Dympna mwana wa mayi anga,

Mulungu akudalitse, iwe ndi a Clive. Kalata yako ndaiwerenga kukhola, pomwe Concepta sangandione nkhope.

Koma ayi, usavutike. Ine ndingakhale chipsinjo chabe. Muli ndi moyo wanu, nyumba yanu ndi yaing'ono, ndipo mwamuna safuna kupeza mlamu wokalamba pa moto wake akaweruka. Orla nayenso akabwera patchuthi adzagona pati? Ayi ndithu, sindingakuchiteni zimenezo. Ine ndili bwino, pena pake papezeka. Usaganizenso za ine.

Kodi ku Coventry kumazizira kuposa kuno? Chikhoti changa chakuda chija ndapereka kwa telala asinthe nsalu yamkati. Uvuni wako ndi wa gasi kapena wa magetsi? Keke ya mowa imafuna moto wofatsa, ndipo imafuna igone masabata angapo isanadulidwe, ndiye amene aiphikeyo asachedwe. Soda wa kumeneko sindimukhulupirira, wa kwathu kuno amanyamulika m'chikwama popanda vuto. Akuti sitima ya pamadzi ya ku Holyhead, yowolokera kwanuko, imagwedeza kwambiri mu Disembala, kodi n'zoona?

Moni kwa onse.

Hanora


Derreenavar, 28 Novembala 1987

Okondedwa alamu a Dympna,

Ambuye akhale nanu. Ndalandira kakalata kanu kofunsa za keke. Musavutike nawo alamu a Hanora, mukuwadziwa, chilichonse amachisandutsa chinsinsi cha m'chipinda cholapira. Ine ndakulemberani kuseriku mmene ndimaphikira ine, ndipo palibe anafapo nayo.

Ndamva kuti munamupsera mtima Thady. Alamu, kuweruza uli kutsidya kwa nyanja n'kosavuta. Ife sitikuthamangitsa munthu. Koma khichini imodzi akazi atatu, inu mungathe? Ine ndakhala m'nyumba ino zaka zonsezi ndikupempha chilolezo chogwira ketulo.

Masiku ano achemwali anuwo sindikuwamvetsa. Agula nsapato zatsopano ku Cahersiveen. Atsitsa sutikesi ya malemu bambo anu pamwamba pa kabati, akuti akuichotsa nkhungu. M'mawa uliwonse ali chilili pageti, mvula kaya mphepo, kudikira wa makalata. Dzulo wa makalatayo anawaseka, akuti, "Mayi Hanora, mwapeza chibwenzi ku Amereka?" Iwo akuti, "Inde, ndipo chimalemba mochedwa ngati mmene umapalasira njinga iwe." Ndikawafunsa akudikira chiyani, akuti nyengo.

Tipempherereni, zokonzekera ukwati zatikwana.

Ine mlamu wanu,
Concepta


Coventry, 7 Disembala 1987

Achemwali okondedwa,

Pepani kuchedwa, nyengo ino kusitolo sitikhala pansi.

Yankho lanu ndinalimva. Linandiwawa pang'ono, koma a Clive anati, "Munthu wamkulu akati ayi, mulemekezeni." Ndipo akunena zoona. Munabadwira kumeneko, tchalitchi chanu, anzanu, manda a Mayi, zonse zili konko, ine ndikukuzulani kuti mudzaone utsi wa mafakitale. Sindikukakamizani. Ndasangalala kuti mwati pena pake papezeka.

Mwina zinayenera kutero. Apongozi anga, mayi a Clive, anagwa pa masitepe kwawo ku Rugby, sangakhalenso okha. A Clive atamva kuti inu simubwera anawafunsa, iwo osadikira kuti amalize n'komwe, akuti "Mudzanditenga liti?" Alowa m'chipinda cha Orla Loweruka lapitali, ndi mphaka wawo yemwe.

Mafunso anu: kuno kumazizira koma mvula ndi yochepa, uvuni ndi wa gasi, ndipo sitima imagwedezadi, mwachita mwayi simuikwera. Concepta akuti mumadikira wa makalata pageti. Musadzizunze ndi mvula, phukusi lanu la Khirisimasi ndatumiza dzana, muli magolovesi ndi sopo wonunkhira.

Keke ya Concepta ndayesa. Achemwali, yalimba ngati thabwa, a Clive akuti tiikhomere pachitseko. Chonde, ndagwira mwendo wanu, lembani ngakhale mwachidule. Amayi opitirira makumi anayi alembetsa kale.

Dympna wanu


Derreenavar, 15 Disembala 1987

Dympna,

Magolovesi afika. Zikomo, ndi ofunda, ndipo pageti sindiimanso, ndiye akhalitsa.

Apongozi ako ndi mayi wanzeru. Uwapatse moni, mphaka yemwe.

Keke ya Concepta ndi ya kuseri kwa pepala la ufa, ndinamuona akukopera. Nayi ya Mayi. Ndinati sizilembeka, koma poti manja sakuyenda, pepala liyende.

Tenga botolo limodzi la mowa wakuda, uthire mumphika pamodzi ndi batala wokwana chibakera chako, shuga wofiira manja awiri odzaza, ndi mphesa zouma mpaka mowa usaoneke. Ziwire pang'ono, uphule, uzisiye zizizire. Usapupulume, ukaswera mazira zili zotentha udya mazira okazinga. Ukazizira mphikawo thira mazira atatu, ufa mpaka chipande chiime chokha pakati, soda kansonga ka supuni, ndi zonunkhiritsa. Moto ukhale wofatsa, ndipo usamatsegule uvuni kusuzumira, keke si mwana wakhanda. Ikapsa uikulunge m'pepala, uibise kwa a Clive mpaka tsikulo.

Buledi wa soda usamukande ngati uli naye mlandu. Mkaka wosasa, ufa, soda, mchere, kusonkhanitsa basi. Ucheke mtanda pamwamba, ubaye ngodya zinayi. Mphesa za buledi winayo zigone mu tiyi wozizira, tiyi wakuda weniweni, osati madzi otsukira kapu amene amamwa kumenekowo.

Chomaliza n'chimene Mayi ankati chimaposa keke. Ukafika ndi mbale pa mlendo, adzakana. Adzati wadya kale, adzati usavutike. Munthu woleredwa bwino salandira pa kufunsa koyamba, angaoneke ngati anabwera ndi njala. Iwe usachotse mbale. Ufunsenso, akanenso. Kachitatu ndi pamene amatambasula dzanja, ulemu wake uli wonse. Wochotsa mbale pa kukana koyamba Mayi ankati ndi amene anapereka akupemphera kuti akanidwe.

Za ine, malo apezeka. Thady anaona chidziwitso m'nyuzipepala, ku Listowel kuli mayi wina wogona pabedi, ana ake ali ku Amereka, akufuna munthu wogonera pomwepo. Anandiwerengera mokweza kawiri konse ngati uthenga wa pa Misa, akuti, "Ntchito yake ndi yomwe mumaidziwa, achemwali." Sananame.

Khirisimasi yabwino.

Hanora


Coventry, 7 Januwale 1988

Achemwali anga, achemwali anga,

Sindikudziwa poyambira. Tiyi anachitika dzulo. Holo inadzaza, keke inatuluka ngati ya Mayi, amayi ena analira ndi fungo lokha. Zonse zinayenda, ndipo ine ndikulakalaka holoyo ikanapsa.

Mawu anu a kukana aja ndinawakonda kwambiri moti ndinawasandutsa sewero. Ndinaimirira kutsogolo ndi kuwauza Angerezi aja kuti lero tichita ngati kwathu, aliyense akane kawiri asanalandire. Anaseka, anakana mokokomeza, wina mpaka kubisa mbale yake kumbuyo. Ine ndikuzungulira ndi keke, ndikudzimva kuti ndine mwana wa ku Kerry weniweni.

Kenako ndinafika pa mayi Culhane, agogo a ku Limerick amene amakhala okha m'kachipinda kuseri kwa siteshoni. Iwo sankasewera ayi. Ndinati, "Keke, mayi?" Iwo akuti, "Ayi mwanangu, ndadya kale, patsa ena." Koma maso ali pa keke, ndipo ndikudziwa bwino kuti mayi amenewa nyama amaiona Lamlungu lokha. Ndinafunsanso. Akuti, "Usavutike nane, ine ndingokuthera keke." Kachitatu anatenga, anadya ndi nyenyeswa zomwe, kenako anandigwira mkono n'kunena kuti, "Amene anakulera anakulera bwino."

Achemwali, pomwepo ndinakumbukira mafunso a m'kalata yanu ija. Chikhoti kwa telala, soda m'chikwama, sitima ya ku Holyhead. Munali mutavala kale nsapato, ine n'kukutumizirani magolovesi. Ndinathawira kukhichini ya holo, ndinalira pa sinki mpaka mayi wina anaganiza kuti ndapsa ndi ketulo.

Ndikhululukireni. Zaka makumi atatu ndi zingapo kuno zandiphunzitsa kuti ayi ndi ayi. Ndinaiwala.

Ndikufunsanso: bwerani. Chipinda chili ndi apongozi, inde, koma tiona chochita. Pabalaza pali sofa yotambasula, kapena tingatchinge ndi katani kumene timadyera. A Clive sindinawauze, ndikudikira msana wawo ukhaleko bwino, koma ndiwauza. Musapite ku Listowel. Chibale ndi fupa, sichiwola.

Ine wochimwa,
Dympna


Listowel, 19 Januwale 1988

Dympna,

Kalata yako yandipeza kuno, Concepta anachita kuilembanso adiresi. Ndikuyamika kuti keke inatuluka bwino. Mayi Culhane uwapatse chigawo chotsalacho.

Ndinasamuka pa 6 pomwepo, tsiku la tiyi wako. Poti ndi Khirisimasi ya Amayi, tsiku limene amuna amagwira ntchito akazi n'kupuma, Thady ndiye anandinyamulira sutikesi mpaka m'galimoto, ine manja lende ngati dona. Concepta anali ataitana anzake kudzamwa tiyi, makapu a Mayi ali patebulo. Pakhomo anati, "Alamu, simukhala kaye kumwa kapu imodzi?" Ndinati ayi, zikomo. Nayenso sanabwereze, ndiye usadzione ngati uli wekha.

Kuno ndili ndi bedi kuseri kwa chitseko cha wodwala uja, mayi Stack. Ndi olemera thupi kuposa Mayi, koma satukwana kwambiri. Amanditcha dzina la wantchito wawo wakale, ine ndimavomera. Ndimawatembenuza, ndimawasambitsa, ndimachapa nsalu. Akadzapita iwowa ndidzafuna mayi wa munthu wina, amayi ogona pabedi sasowa m'dziko muno.

Ukuti unaiwala. Dympna, unakulira pa tebulo limodzi ndi ine. Unawaona Mayi akuthamangira wansembe mpaka pageti ndi mbale m'manja. Maliro omwewa a mu Seputembala, iwe mwini unakana tiyi kwa aneba athu mayi Moriarty kawiri, kachitatu n'kumwa makapu awiri, ndinkakuona. Sunaiwale. Unafunsa kamodzi kuti mtima wako ukhale m'malo, ndipo ayi wanga atafika unapuma. Sindikukuda nazo, ine ndemwe ndikanakhala ndi mwamuna ndi nyumba yofunda mwina ndikanapumanso. Koma usandiuze kuti ndi Mangalande. Zimandiwawa, ndipo ndikuuza poyera kamodzi kokha m'moyo wanga: ndinkafuna kubwera. Ndinkafuna kwambiri moti usiku wa kalata yako yondiitana ija ndinagona ndi sutikesi pabedi.

Ukhoza kunena kuti bwenzi nditangoti inde. N'zoona. Koma munthu amene wadya za m'nyumba ya ena moyo wake wonse amatsala ndi chinthu chimodzi chokha chake, kuti asaoneke wopempha. Apongozi ako ali ndi mwana wamwamuna, angathe kunena inde asanafunsidwe. Ine ndinafunika kumva kuti ukundifunadi.

Tsopano wafunsa kachiwiri, ndipo ndikuti ayi, usavutike. Sofa ndi ya alendo, ndipo a Clive msana ukuwapweteka.

Uganize bwino usanalembe kalata ina. Ukudziwa tsopano mmene anthu a kwathu timayankhira kachitatu. Sutikesi sindinamasule yonse, ndipo mayi Stack ana awo angapeze wina. Ukafunsa, ndibwera, ndi chikhoti changa chakuda ndi zaka zanga zonse zimene zatsala, ndipo udzayenera kuwauza a Clive. Ukaona kuti sungathe, usafunse.

Mkulu wako,
Hanora


Coventry, 24 Febuluwale 1988

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndinalandira. Pepani kuchedwa kuyankha.

Kuno tonse tili bwino. A Clive msana uli pang'ono pang'ono, apongozi ayamba kuyenda ndi ndodo. Orla wakhoza mayeso ake oyamba. Kwazizira kwambiri mwezi uno, chipale chinagwa kawiri.

Ndikhulupirira mayi Stack akupezako bwino. Muzivala zofunda.

Ine mng'ono wanu,
Dympna